Magazi Anga M'kabotolo ka Atelala

Lolemba, pa 3

Foni yathima. Soketi m'wodi muno ndi imodzi yokha, ili kumutu kwa bedi 8. Ine ndili pa 7, ndipo chingwe cha tchaja yanga n'chachifupi ngati mchira wa mbuzi. Ndiye achemwali andibweretsera kope la mwana wawo ndi cholembera, ati lemba, usamavutitse anthu. Aphunzitsi anga aja akanandiona ndikulemba popanda wondiimirira ndi ndodo, bwenzi atakomoka.

Ndiyambe ndi m'mene ndafikira muno. Loweruka ndinali pa denga la munthu ndikumanga dishi ya TV, ntchito yanga ya masiku onse. Mwini nyumba ali pansi kukuwa, zaoneka, zathawa, zaonekanso. Ndinabwerera m'mbuyo phazi limodzi, kupeza denga latha. Fupa la ntchafu yakumanja linathyoka pakati. Anzanga amanditchula Buluzi chifukwa chokwera makoma, koma buluzi akagwa amadzuka n'kuthawa. Ine anandinyamulira pa chitseko.

Pano mwendo aumanga chingwe, chingwecho chadutsa pa kawilo kumiyendo kwa bedi, ndipo kumapeto kwake kukulendewera chitsulo cha makilo asanu. Kutembenuka sindingathe. Za kuchimbudzi sindilemba, kope ili ndi la mwana.

Dokotala wa mafupa anabwera m'mawa. Ndamupatsa dzina loti Kalipentala chifukwa zonse zomwe wanena ndi za kubowola, misomali ndi masikuluwu. Ndilembe bwino ndisaiwale. Opaleshoni ndi Lachinayi, alowetsa chitsulo m'kati mwa fupa. Magazi anga ali pa 9, akuti ndi ochepa, ena anatayikira m'kati mwa ntchafu. Sangalowe nane ku fiyeta, kochitira opaleshoni, popanda mapaini awiri a magazi okonzeratu, ndipo abale awiri apereke awo kuti abwezere pomwe atengapo. Iyeyo ndi wobwera chabe. Lachisanu masana akupita, abweranso pakatha masabata atatu.

Ndinafunsa kuti ndikaphonya Lachinayi chichitike n'chiyani. Ati fupa silidikira munthu, limayamba kudzilumikiza lokha m'mene lagoneramo, ndiye mwendo utha kufupika.

"Ukufuna kudzakweranso denga?"

"Ndimadya za pa denga, adokotala."

"Ndiye Lachinayi upezeke pa ndandanda."

Pa bedi 8, pa soketi yangayo, pali madala ena, atelala. Anaterereka m'bafa n'kuthyoka fupa la m'chiuno. Nawonso ndi a Lachinayi, kwa Kalipentala yemweyo. Alibe ndi foni yomwe. Makutu awo akuoneka kuti anapuma pa ntchito, chilichonse ukawauza amangoti, "Eya, eya, zikomo." Ndawafunsa ngati anabapo nkhuku ya neba. Ati eya, eya, zikomo.

Lachiwiri, pa 4

Muno munthu amafunsidwa dzina kuposa kupolisi. Mankhwala, dzina. BP, dzina. Ndi tsiku lobadwa pamwamba pake. Chonsecho dzinalo analemba okha pa kachingwe ka pulasitiki kamene anandimanga pa mkono. Ndatopa nazo, ndiye ndayamba kusintha mayankho. Kwa namwino wa m'mawa ndinali Nduna ya Madenga. Kwa wokolopa ndinali mwini chipatala ndikuyendera mobisa. Sisitala wamkulu wa wodi, amene ndawatcha Mayi Lamulo, sanaseke ngakhale ndi dzino limodzi. Ati, "Dzina muno si choseweretsa." Nkhope yawo ili ngati chitseko cha ofesi yotseka.

Za opereka magazi. Amayi abwera ndi juwisi wofiira malita awiri ndi chiwindi chokazinga, ati zimawonjezera magazi, ndisalandire a anthu osadziwika. Ndawauza kuti Lachinayi ndi mkuja, juwisi sangafikitse magazi pa 12. Ati imwa. Ndamwa mpaka lilime lafiira, magazi kaya.

Alamu anabwera ndi chifuwa patsogolo. "Atenge ngakhale ndowa, ine ndili nawo ambiri." Ataona singano anagwa pa mpando asanabayidwe. Anawapatsa soda ya opereka magazi kuti atsitsimuke, anamwa yonse, ndi bisiketi yomwe. Amalume anawabweza pakhomo chifukwa cha fungo la zadzulo. Pomaliza apereka ndi achemwali ndi Waya, mnzanga amene timamanga naye madishi. Awiri akwana. Achemwali angopinda mkono n'kukhala pansi osadandaula, koma ndikudziwa adzandikumbutsa mpaka ndidzakalambe.

Ndinawaseka alamu kuti ine ndinaperekapo chaka chatha pamsika, popanda ndi kuphethira komwe. Zoona zake ndinkafuna sodayo. Anandipatsa kakhadi kolembedwa B ndi kamtanda. B yekhayo amene ndinapezapo m'moyo wanga, kusukulu sindinamuonepo.

Masana, anamwino ali ku nkhomaliro, nzeru inandibwerera. Mabedi athuwa ali ndi matayala. Manambala ali pa khoma. Ndinawafunsa atelala ngati tingasinthane malo, ati eya, eya, zikomo. Alamu ndi Waya anakankha pang'onopang'ono, chitsulo changa chikugwedezeka ine ndikulumira mano, mpaka ine pa 8, madala pa 7. Foni inayaka. Mauthenga 43, theka lake anthu ofunsa kuti dishi yawo ndimaliza liti.

Ndili m'kati mowerenga, analowa bambo wa ku labu ndi thireyi ya timabotolo. Ndi wamtali, woonda, wa mandala, ndipo amabwera ndi singano basi, ndiye ndi Bambo Udzudzu. Anali pa liwiro, akuti lero ali yekha mawodi anayi. Timabotolo anali atalemberatu maina. Anayang'ana nambala pa khoma n'kutchula dzina la atelala.

Ndinapinda khosi, ndinanjenjemeretsa mawu. "Eya, eya, zikomo."

Waya anaseka mpaka anagwira khoma. Bambo Udzudzu anabaya mkono wamanzere, kachingwe ka dzina kali ku wamanja, m'bulangete, pamodzi ndi foni. Kenako anapita kwa madala n'kutchula dzina langa. Yankho mukulidziwa. Ati magaziwa ndi oyezera gulu, kuti akonze a Lachinayi. Anatuluka akuthamanga.

Madzulo Mayi Lamulo anatipeza. Anaima pakati pa mabedi, manja m'chiuno.

"Ndani wasuntha mwendo uli pa chitsulo?"

"Mphepo, sisitala."

"Mphepo ija ibwerenso kamodzi, dzina lako ndilifufuta pa ndandanda ndi dzanja langali."

Anatibweza m'malo mwathu. Foni yafika pa 61 peresenti, ndiye sindinataye zonse.

Lachitatu, pa 5

BP 118 pa 76. Kutentha kuli bwino. Ntchafu yatupa ngati pilo.

Akazi awo a atelala amabwera m'mawa uliwonse ndi tiyi m'fulasiki, buledi ndi nthochi. Amawapukuta kumaso, amawapesa, kwinaku akuwakalipira kuti bafa anawauza kale kuti aikemo mphasa ya labala. Lero abweretsa singano, ulusi ndi mabatani, chifukwa madala akuti manja akuwayabwa. Madalawo anaona kuti ine ndagona ndi nsalu yokha kuyambira Loweruka, buluku silingalowe ndi chingwechi. Anandiloza kuti ndiwapatse buluku langa. Anang'amba msoko wa m'mbali kuyambira m'chiuno mpaka pansi, akusokererapo mabatani kuti ndizivala osasuntha mwendo. Akusoka chogona, nsalu ili pa chifuwa, koma mzere wake wowongoka ngati wa makina. Ndati zikomo madala. Ati eya, eya, zikomo.

Cha m'ma 11 anabwera mayi wogonetsa anthu ku fiyeta, ndi mapepala oti ndisaine. Uyu amalankhula bwino, ngati wa pa wailesi. Akuti andibaya jakisoni wa pamsana, ndifa kuyambira m'chiuno kutsika, kumtunda ndikhala maso. Magazi apita nane m'kabokosi kozizira, koma sathira pokhapokha nditataya ambiri. Asanathire, anthu awiri amawerenga mokweza dzina la pa thumba ndi la pa mkono. Atelala ndi oyamba, 8 koloko, ndipo iwowo awagoneka tulo ndithu n'kuwathira magazi, awo ndi otsika kuposa anga. Ine ndine wachiwiri.

Anatsegula fayilo. "Zako zakonzeka. Ndiwe O pozitivi."

Ndinatsala pang'ono kunena kuti ayi, ndine B, koma ndinakumbukira timabotolo tadzulo tija. Ndinasaina. Siginecha yanga yatuluka ngati nkhuku yapalasa.

Mwina khadi ija inalakwika. Pamsika paja panali phokoso, nyimbo, anthu mbwee. Kapena sindikukumbukira bwino, ine ndi zilembo sitinagwirizanepo.

Masana ndinamuitana namwino wina wamfupi amene amaseka nthabwala zanga. Ndinayamba ngati zocheza.

"Sisitala, tiyerekeze munthu ndi wa B, mwamuthira O. Amasanduka chiyani?"

"Sasanduka kanthu. O amalowa mwa anthu ambiri, pa ngozi timathira yemweyo."

Mtima unakhala pansi. Ndiye ndinafunsa za mbali inayo. "Nanga wa O mwamuthira B?"

Anasiya kulemba. "Ameneyo thupi limamenyana nawo magaziwo. Impso zimaima. Munthu atha kufa. Ali maso amadandaula msanga, msana, kuzizidwa, ndiye timatseka kapaipi. Koma ali mtulo ku fiyeta anena bwanji? Wafunsiranji?"

"Ndikufuna kubwerera kusukulu, ndidzakhale dokotala."

Anaseka n'kupita.

Ndiye zili chonchi. Ngati khadi yanga ikunena zoona, kabotolo ka dzina langa kali ndi magazi a madala, ka dzina lawo kali ndi anga. Ine andikonzera O, amene sangandichite kanthu. Iwowo awakonzera B. Mawa anthu awiri awerenga thumba, awerenga mkono, maina agwirizana bwinobwino, chifukwa bodza lili m'kati, osati pa pepala.

Ndikakhala chete, mwendo wanga ukonzedwa mawa. Ndikanena, Mayi Lamulo ali ndi chofufutira m'thumba. N'chifukwa chiyani chipatala chonsechi chili ndi soketi imodzi?

Ndawaimbira achemwali kuti mawa m'mawa abwere ndi chikwama changa chakale, chili m'thumba la jekete kuseri kwa chitseko. Afunsa kuti cha chiyani. Ndati muli chithunzi cha chibwenzi. Ati chibwenzi chiti mwa zinayi zija.

Buluku latha. Mabatani khumi ndi awiri, palibe awiri ofanana. Likundikwana.

Lachinayi, pa 6

Ndilemba zonse, ngakhale ndili ndi njala ndi mkwiyo.

Sitinadye chilichonse, ndi madzi omwe. Anativeka tonse awiri zovala zotsegula kumbuyo. Achemwali anachedwa, basi inawathera mafuta. Anafika kabedi kopita ku fiyeta katalowa kale, madala akuwasamutsirapo, kabokosi kozizira kali kumiyendo kwawo. Akazi awo atagwira fulasiki ndi manja awiri ngati iwathawa.

Ndinakhuthula chikwama pa bulangete. Malisiti, simu khadi yakufa, kakiyi kosadziwika. Khadi inali pansi penipeni, yopindika. B, kamtanda, dzina langa, chidindo.

Kabedi kanayamba kuyenda. Ndinaganiza za denga, sindinama. Ndinaganiza za kuyenda chotsimphina ana akundiyeserera kumbuyo, ineyo amene ndimayeserera aliyense. Kenako ndinaona mabatani aja.

"Imani. Magazi amenewo si awo."

Wokankha kabedi sanatembenuke n'komwe. "Buluzi, lero ayi."

"Ndikunena zoona. Ndi anga. Ndikutanthauza kuti anayeza anga."

"Dzana unali mwini chipatala," anatero namwino wamfupi uja. "Gona."

Wodi yonse inaseka. Wa pa bedi 3 anati ndikuchita nsanje kuti madala atsogola. Moyo wanga wonse ndakhala ndikufuna anthu aseke, lero aseka pamene sindikufuna. Kabedi kanafika pa chitseko. Kudzuka sindingathe. Ndinatenga kapu yachitsulo n'kumenya pa chitsulo cha bedi, kumenya, kumenya, mpaka Mayi Lamulo anatuluka mu ofesi.

"Chiyaninso iwe?"

Ndinawapatsa khadi. Ndinanena zonse, za soketi, za Bambo Udzudzu, za eya eya zikomo. Anawerenga khadi, anatsegula fayilo yanga, anandiyang'ana. Sanakalipe, ndipo zimenezo zinandiopsa kuposa kukalipa.

"Bwezani bedi limenelo," anatero. "Kabokosiko kasatsegulidwe."

Kuseka kunatha.

Bambo Udzudzu anabwera, nkhope itagwa. Ulendo uno anandifunsa dzina, tsiku lobadwa, anatembenuza kachingwe, Mayi Lamulo anawerenganso, ndipo kabotolo analemba ali pompo pa bedi langa. Singano inawawa kuposa ya Lachiwiri. Sindinadandaule.

Zotsatira zinabwera cha m'ma 12. Ine B. Madala O. Matumba onse anabwerera ku labu kukayambiranso. Ndinati nanga a B aja si anayezedwa kale ndi magazi anga, osangondipatsa? Ati thumba lolembedwa dzina la munthu wina silisintha mwini ndi cholembera. Kalipentala sanadikire, anatenga ena a pa ndandanda. Madala analowa 2 koloko. Ine nthawi inatha.

Kalipentala anadutsa madzulo, akadali ndi kachipewa ka ku fiyeta.

"Ndiwe wa soketi uja?"

"Ndine, adokotala. Mawa bwanji?"

"Mawa ndili ndi ana awiri ndi mayi amene wadikira mwezi. Ndichotse ndani?"

Ndinangoyang'ana chitsulo changa. Iye anapitiriza.

"Unachita zopusa Lachiwiri, wachita zanzeru lero. Koma ine tsiku la mawa sindingalitalikitse. Tionana pa 27. Chitsulocho chisakhudze pansi."

Madala abwerako. Anawathira mapaini awiri a O. Akupuma bwino, akuliza mkonono.

Lachisanu, pa 7

Kalipentala wapita. Ndinaona chikwama chake chikudutsa pa zenera.

Akazi awo a atelala anabwera pa bedi langa. Mayi Lamulo anali atawafotokozera kale zonse.

"Mwana iwe, unatsala pang'ono kundiphera mwamuna. Ndiwenso wandibwezera. Sindikudziwa ngati ndikumenye kapena ndikupatse nthochi."

Anandipotokola khutu mpaka misozi. Kenako anaika nthochi ziwiri pa kabati.

Amayi akuti zonsezi n'chifukwa sindinamalize juwisi.

Lolemba, pa 10

Magazi 9.4. Andiyambitsa mapiritsi a ayironi, kamodzi pa tsiku. Msana wayamba zilonda, akundipaka mafuta. Bambo Udzudzu anaitanidwa ku ofesi, analembetsedwa lipoti. Sakundipatsanso moni. Ndinati pepani, ati, "Dzina." Timabotolo tsopano akubwera nato topanda kanthu, akulemba pa bedi.

Lachinayi, pa 13

Madala ayamba kuyenda ndi chitsulo cha miyendo inayi. Kupita ku zenera, kubwera. Munthu wa zaka 74 akundidutsa pamaso ine wa 23 ndili gone ngati thumba la simenti. Akamadutsa amandigwira chala cha kuphazi.

Waya akumanga madishi anga ndi munthu wina. Akuti ameneyo sagwa.

Loweruka, pa 15

Madala atuluka. Asanapite anatulutsa tepi yoyezera m'chikwama cha akazi awo, anandiyeza miyendo yonse iwiri kuyambira m'chiuno mpaka kakolo, n'kulemba kuseri kwa kope langali. Wakumanja waperewera masentimita atatu.

Pa bedi 8 abwera wina wa mafoni awiri.

Lachitatu, pa 19

Palibe. Mpunga ndi nyemba. Denga la muno lili ndi mabanga 31. Lomwe lili pamwamba panga likudontha, ndipo ndikudziwa m'mene ndingalikonzere.

Lolemba, pa 24

Magazi 10.2. Amayi akuti ndi juwisi. Chabwino.

Wogonetsa uja wabwera ndi nkhani yatsopano. Fupa layamba kudzimata mokhota, ndiye Kalipentala ayamba waphwanya zomwe lamatazo, kenako akoke mwendo. Opaleshoni italika, magazi atayika ambiri. Pafunika mapaini atatu, opereka ena atatu. Achemwali ndi Waya sangaperekenso, miyezi siinakwane. Alamu akuti ali ndi chimfine. Chimfine chawo chimayamba akangomva za singano.

Lachiwiri, pa 25

Masana analowa anthu atatu osawadziwa, amuna awiri ndi mkazi, aliyense thonje pa mkono. Kumbuyo kwawo akazi awo a atelala. Ndi ana awo. Anawatenga ku ntchito ngati akupita nawo kukameta.

Wamkulu anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku chitsulo. "Ndiwe wa soketi?"

Dzina la Buluzi likuoneka kuti lapita.

"Amayi ati tipereke. Ine ndimafuna kukumenya, koma ati akumenya kale."

Ndinafuna kuponya nthabwala, sinabwere. Ndinangoti zikomo. Ndinatsala pang'ono kuyamba ndi eya, eya.

Bambo Udzudzu atenga magazi oyezera kawiri, m'mawa ndi masana, timabotolo tiwiri tosiyana. Ati kwa ine kamodzi sikakwana.

Loweruka, pa 29

Mphamvu zabwera pang'ono, ndilembe za Lachinayi.

Ku fiyeta kumazizira ngati m'firiji ya butchala. Jakisoni wa pamsana, miyendo inasowa. Anaika nsalu pa chifuwa kuti ndisaone, koma makutu sanatseke. Dzina la Kalipentala sindinalakwitse. Hamala, chobowolera, chilichonse chimene ndimagwiritsa ntchito pa denga, ndipo bedi limagwedezeka. Panalinso kapaipi kamene kamayamwa magazi kupititsa m'botolo la manambala, ndipo namwino wina ankawerenga nsalu zonyowa n'kumanena mokweza.

Patapita nthawi ndinayamba kumva kutali, ngati ndili pansi pa madzi, nseru, thukuta lozizira. Wogonetsa anayang'ana makina n'kunena kuti BP yatsika, tsegulani bokosi. Anatulutsa thumba. Ndi lakuda kuposa m'mene ndinkaganizira. Iye anagwira thumba, namwino anagwira mkono wanga. Wina dzina, mnzake dzina. Wina nambala, mnzake nambala. B pozitivi, B pozitivi. Tsiku lothera ntchito. Kenako wogonetsa anawerama.

"Popeza uli maso, tiuze wekha. Ndiwe ndani?"

Kuseri kwa nsalu hamala inasiya. Ndikhulupirira onse ankadikira Nduna ya Madenga.

Ndinanena dzina langa lonse, ndi lapakati lomwe limene ndimadana nalo, tsiku, mwezi, chaka. Ndinapempha andionetse thumbalo. Ndinawerenga ndekha, chilembo chimodzichimodzi, ngati mwana wa kalasi yoyamba, fiyeta yonse ikudikira.

"Wamaliza?" anatero Kalipentala. "Ndili ndi fupa m'manja kuno."

Anadutsitsa kapaipi m'kamakina kofunditsa, magazi anayamba kudontha. Mphindi khumi ndi zisanu zoyamba wogonetsa sanachoke pamutu panga. Msana ukuwawa? Ukuzizidwa? Pakuyabwa? Ayi, ayi, ayi. Ndinaganiza za madala, amene akanakhala mtulo opanda wowafunsa.

Mapaini awiri ku fiyeta, lachitatu m'wodi Lachisanu. Magazi lero 9.8. Chitsulo chachoka pa bedi, chalowa m'mwendo. Ndatembenuka chammbali koyamba m'mwezi wathunthu, ndipo ndinatsala pang'ono kulira ndi kukoma.

Lachiwiri, pa 1

Ndaima ndi ndodo ziwiri. Masitepe asanu ndi limodzi. Mayi Lamulo anali kumbuyo atagwira lamba wa buluku la mabatani. Ndinati sisitala, mukandigwira chonchi anthu aganiza zina. Ati yenda. Koma mbali ya mlomo inagwedezeka, ndinaona.

Masana anabwera atelala ndi ndodo imodzi yokha, akazi awo kumbuyo ndi fulasiki. Anatulutsa tepi. Chiuno mpaka kakolo, uku ndi uku, kawiri. Sentimita imodzi. Kalipentala ananena zomwezo dzulo, kuti zambiri anabweza, yotsalayo ndi ya masabata atatu aja. Akuti kachikopa mu nsapato, ndipo denga ndidzakwera pakatha miyezi isanu ndi umodzi ngati ndili ndi nzeru. Ndiye kaya.

Chinthu chimodzi chinkandivuta. Sindinkadziwa ngati madala anamvetsa zomwe zinachitika. Ndinawakokera pafupi n'kulankhula m'khutu mwawo, mokweza, wodi yonse ikumva. Ndinati madala, ndine ndinasokoneza, ndinavomera dzina lanu mwa chibwana, ndipo inu simunamve kuti akutchula langa.

Anapinda tepi pang'onopang'ono.

"Ndinamva," anatero.

Aka kanali koyamba kuwamva akunena mawu ena.

"Khutu ili ndi lakufa, koma ili limagwira. Ndinamva kuti si dzina langa. Koma bambo aja anali pa changu, ndiponso ndi anthu ophunzira. Ndinati ndiwavutitsirenji."

Akazi awo anaika fulasiki pansi. "Mwati chiyani?"

"Ndati ndinaona ngati..."

"Zaka makumi anayi ndi zisanu ndikulankhula kukhutu lakumanzere. Lamoyo ndi liti?"

Madala anandiyang'ana ngati ndiwapulumutsenso. Ine ndinangoloza mwendo wanga. Sentimita yathunthu, madala. Wina wonama, wina waulemu, tonse tikanakwirira munthu mmodzi.

Atuluka akukalipiridwa kukhutu lakumanja. Buluku langa lina alitenga, akuti akapinda mwendo umodzi.